CHARLES KETTERING, AMENE ANACOTSA HANDULO PA GALIMOTO

Ana inu, kapena munaonapo galimoto itakana kulira pamseu, okweramo natsika onse, nayamba kuikankha ndi mapewa, kufikira injini itatsokomola kawiri katatu ndi kudzuka. Kapenanso munaima pacigayo m'mamawa ndi kupenyerera mwini cigayo alikupukusa handulo yacitsulo ndi manja onse awiri, thukuta liri kamukamu. Zinthu ziwirizi zionetsa kanthu kamodzi: injini, ingakhale iri nayo mphamvu yoposa ng'ombe zambiri, siitha kudzidzutsa yokha. Ifuna wina ayambe waitembenuza. Kale magalimoto a petulo ankadzutsidwa ndi dzanja la munthu monga cigayo cija, ndipo manja ambiri anathyoka pa nchito imeneyo. Munthu amene anacotsa bvutoli ndiye Charles Franklin Kettering, wa ku America.

Iye anabadwa pa 29 August 1876, pamunda wa atate wace pafupi ndi mudzi wa Loudonville, m'cigawo ca Ohio. Atate wace Jacob ndi amace Martha anali alimi wamba, ndipo Charles anali wacinai mwa ana asanu. Anakula monga akulira ana a kumudzi kuli konse, kulawirira kumunda, kudyetsa zoweta, ndi kuyenda pansi kunka kusukulu ya cipinda cimodzi, kumene mphunzitsi mmodzi ankaphunzitsa akuru ndi ang'ono pamodzi. Anakonda kuwerenga koposa. Koma maso ace anali ofoka kuyambira ubwana wace, ndipo akayang'anitsa m'buku nthawi yaitali, mutu unkamuwawa kolimba.

Atatsiriza sukulu ya ku Loudonville analibe ndalama zopitira nazo patsogolo. Cifukwa cace anakhala mphunzitsi pa kasukulu ka Bunker Hill pafupi ndi kwao, ndi pambuyo pace pa mudzi wa Mifflin. Sanakhutire ndi maphunziro a usana okha. Madzulo ankasonkhanitsa ophunzira ndi kuwaonetsa ndi maso umo maginito akokera citsulo, umo kutentha kusinthira zinthu, ndi umo magetsi ayendera m'waya. Anasunga malipiro ace pang'ono pang'ono, ndipo mu 1898 analowa sukulu yaikuru ya Ohio State University, mumzinda wa Columbus, kukaphunzira za magetsi.

Kumeneko maso ace anamkaniza. Anzace ankamwerengera mabuku mokweza mau, iye nachera khutu ndi kusunga zonse m'mutu. Koma ngakhale cithandizo cimeneci sicinakwanire, ndipo anasiya sukulu. Analembedwa nchito m'gulu la anthu oimika mitengo ya lamya m'dera la Ashland. Anayamba ndi kukumba maenje, napitirira kufikira anakhala kapitao wa gululo. Wina akadayesa kuti zaka zimenezi zinangotayika. Koma m'menemo maso ace anapumula, thupi lace linalimba, ndipo zala zace zinazolowera waya, mabatire ndi timakina ting'onoting'ono totsegula ndi kutseka njira ya magetsi. Komweko anadziwana ndi namwali dzina lace Olive Williams, amene anamkwatira mu 1905. Anabwerera kusukulu, natsiriza mu 1904 ali ndi zaka 27, wamkuru ndithu poyerekeza ndi anzace.

Atatsiriza sukulu, nchito yace yoyamba inali mumzinda wa Dayton, pa kampani ya National Cash Register, yopanga makina owerengera ndi kusungira ndalama m'masitolo. Wogulitsa akalandira ndalama ankasindikiza timabatani tosonyeza mtengo, napukusa handulo. Pamenepo belu linkalira, ndi kabokosi ka ndalama kankatseguka. M'sitolo ya anthu ambiri dzanja la wogulitsa linkalema. Eni kampani anafuna kuti magetsi azipukusa m'malo mwa dzanja, ndipo nchitoyo anaipereka kwa Kettering.

Cipangizo cosandutsa magetsi kukhala mphamvu yozungulira cichedwa mota. Ciyambi cace cinaoneka ku London mu 1821, pamene Michael Faraday anaonetsa kuti waya woyendamo magetsi ukankhidwa ndi maginito, nuzungulira. M'mota muli waya wamkuwa wokulungidwa kambirimbiri pa citsulo cokhoza kutembenuka, ndipo maginito acizinga ponse ponse. Mukaonjeza magetsi, mphamvu yace ikula. Koma waya atentha, ndipo mukapitiriza, mota ipserera ndi kununkha. Cifukwa ca ici akatswiri ankayesa ukuru wa mota polingalira kutentha kumeneku: nchito yolemera, mota yaikuru. Powerenga motero anapeza kuti mota yokwanira kupukusa makina a ndalama idzakhala yaikuru pafupifupi ngati makinawo.

Kettering anapenya nkhaniyi mwa njira yina. Anaona kuti mota ya m'sitolo siigwira nchito tsiku lonse ai. Ipukusa kamphindi kakang'ono, nipumula kufikira afike wogula wina, ndipo popumulapo izizira. Mudziwa inu nomwe kuti mnyamata akhoza kunyamula thumba la cimanga ndi kuliika pangolo, lingakhale thumba lomwelo sangathe kulisenza kufikira kumsika. Momwemonso mota yaing'ono ikhoza kulemetsedwa koposa muyeso wace, malinga nchitoyo ikhale yaifupi. Anapanga mota yaing'ono yotere pamodzi ndi kacipangizo koilumikiza ndi kuimasula pa nthawi yace, ndipo makina a ndalama oyendera magetsi anayamba kugulitsidwa m'masitolo. Sungani nzeru imeneyi, pakuti idzaonekanso.

Mmodzi wa akuru a kampaniyo, Edward Deeds, anali kumanga galimoto yace yace m'khola la akavalo kuseri kwa nyumba yace, ndipo anabvutika ndi moto wa m'injini. Anaitana Kettering. Kuyambira 1908 Kettering ndi anzace owerengeka ankakomana m'kholamo madzulo ataweruka ku nchito, ndi masiku opumula, nakhala kufikira pakati pa usiku.

Tsono kuti mumvetse cimene anacita m'kholamo, muyambe mwadziwa umo injini ya petulo igwirira nchito. M'kati mwace muli maenje ozama onga mitondo, ochedwa masilinda. Ndipo m'silinda iri yonse muli citsulo cokwera ndi kutsika monga munsi, ndico pisitoni. Koma mtondo uwu ngwobvundikira, kukamwa kwace kuloza pansi. Pisitoni potsika ikoka mpweya wosanganiza ndi nthunzi ya petulo. Pokwera iupanikiza pamalo pang'ono. Pomwepo kamoto kathetheka pa nsonga ya pulagi, nthunzi ija niyaka mwadzidzidzi, nikankhira pisitoni pansi ndi mphamvu yaikuru. Ndipo pokweranso pisitoni itaya utsi kunja. Kukankhako ndiko kutembenuza mtanda wacitsulo wokhotakhota umene uyendetsa magudumu. Izi zicitika kambirimbiri pa mphindi imodzi, ndipo zonse zidalira kamoto kaja. Kakacedwa, mphamvu itayika. Kakafulumira, injini ilimbana ndi iyo yokha.

Masiku amenewo kamotoko kankapangidwa m'njira ziwiri. Yoyamba inali cipangizo cochedwa magneto, cimene cinakonzedwa bwino mu 1902 m'nyumba ya nchito ya Robert Bosch ku Stuttgart, m'dziko la Germany. Magneto ipanga magetsi ace yokha pamene injini irikuzungulira. Injini ikathamanga, moto wace ngwamphamvu. Koma ikayenda pang'ono, monga poidzutsa ndi dzanja, moto wace ufoka, pa nthawi yomweyo imene ufunika koposa. Njira yaciwiri inali ya mabatire ouma onga a m'toci, pamodzi ndi kacitsulo konjenjemera kolira ngati njuci. Kacitsuloko kankamwaza timoto tambiri pamene pafunika kamodzi kokha, ndipo mabatire ankatha msanga, nthawi zina pakati pa ulendo.

Kettering anasunga batire, koma analetsa kumwazako. Mphamvu yokankha magetsi iyesedwa ndi muyeso wochedwa volt. Batire la galimoto linali la ma volt 6 okha, ndipo kuti moto ulumphe kampata ka pa pulagi pafunika ma volt zikwi zambiri. Cokweza mphamvuyo ndi koilo, ndiyo citsulo cokulungidwa ndi mawaya awiri, wina wonenepa wozungulira pang'ono, wina woonda ngati tsitsi wozungulira kambirimbiri. Magetsi a batire ayenda m'waya wonenepa. Ndipo mukawadula mwadzidzidzi, m'waya woonda mubuka mphamvu yaikuru ya kamphindi. Mukatseka mwadzidzidzi madzi othamanga m'ngalande, kodi sadumphira m'mwamba? Ndi cimodzimodzi. M'makonzedwe amene anachuka ndi dzina la Kettering, injini yomwe itsegula tizitsulo tiwiri togundana pa nthawi yoyenera, koilo nipereka moto umodzi wamphamvu, ndipo kankono kozungulira kagawira motowo kwa silinda iri yonse, iyi itatha inzace, monga mai agawira ana nsima m'mbale zao. Potero batire linakhalitsa, ndipo moto unali wamphamvu ingakhale injini iyende pang'ono.

Mbiri ya cipangizoci inafika ku Detroit kwa Henry Leland, mkuru wa kampani ya Cadillac. Leland anali nkhalamba yosalola nchito yacisawawa. Mu 1908 magalimoto ace atatu anaphwasulidwa ku England, zitsulo zao nizisanganizidwa mulu umodzi, ndipo atawamanganso ndi zitsulo zosanganizazo onse atatu anayenda bwino. Munthu wotere atayesa cipangizo ca Kettering anacibvomera, naitanitsa zikwi zingapo mu 1909. Anthu a m'khola aja analibe fakitale, ngakhale dzina la kampani. Kettering anasiya nchito yace ya malipiro, ndipo iye ndi Deeds anayambitsa Dayton Engineering Laboratories Company, imene anthu anaifupikitsa naicha Delco.

Koma handulo inali cikhalire. Woyendetsa ankaima kutsogolo kwa galimoto, nalowetsa handulo pa cibowo ca m'munsi, naipukusa ndi mphamvu zace zonse; ndipo nyengo yacisanu, mafuta a m'injini atalimba ngati uci, nchitoyo inkatopetsa ngakhale mwamuna wamphamvu. Pa ciongolero panali kandodo kocedwetsa moto. Munthu akaiwala kukasuntha, moto unkayaka pisitoni isanafike pamwamba, injini nibwerera m'mbuyo, handulo nimenya ngati bulu woponda. Zala, mikono ndi nsagwada zinkathyoka. Madotolo anaona kuthyoka kwa pamfundo ya dzanja kawirikawiri, kotero kuti anakucha kuthyoka kwa woyendetsa galimoto. Ndipo wina akaiwala kucotsa giya, galimoto inkadzuka ndi kumgunda mwini wace.

Anthu a ku Detroit asimba nkhani ya Byron Carter, mmisiri wopanga magalimoto ndi bwenzi la Leland. Tsiku lina anapeza mai wina galimoto yace itazima pa mlatho wa ku Belle Isle, naima kuti amthandize. Popukusa, handulo inabwerera nimthyola nsagwada. Matenda anatsatapo, ndipo Carter anamwalira mu 1908. Leland anamva cisoni cacikuru, natsimikiza mtima kuti handulo icoke pa magalimoto ace. Amisiri ace anayesa kupanga mota yodzutsira injini, koma inaturuka yaikuru yosakhoza kulowa m'galimoto. Enanso anayesapo kale, ena ndi magetsi, ena ndi mpweya wopanikiza, ena ndi zitsulo zofwamphuka zonga za m'wochi, koma panalibe cimene cinakhazikika. Akatswiri ambiri anawerenga masamu ao napeza kuti mota ndi mabatire okwanira kutembenuza injini adzalemera kotero kuti galimoto idzatopa ndi kunyamula zimenezo zokha.

Masamu ao sanali olakwa. Cimene cinalakwa ndi funso limene anayankha, pakuti anayesa mota yogwira nchito kosaleka. Leland atapereka nchitoyi kwa Kettering mu 1910, iye anakumbukira makina a m'sitolo aja. Kudzutsa injini ndi nchito ya masekondi owerengeka. Mota yaing'ono imwe magetsi ambiri nthawi imodzi, itembenuze injini kawiri katatu, nipumule. Isanatenthe, nchito yace yatha.

Kunena ncapafupi, koma kupanga kunatenga miyezi ya usana ndi usiku. Panali mfundo zina zofunika kumasula. Batire likapereka magetsi ambiri motero, adzalidzazanso ndani? Kettering anakonza kuti cipangizo comweco cigwire nchito ziwiri. Poyamba cikhale mota, kulandira magetsi ndi kutembenuza injini. Injini ikadzuka, iyo icitembenuze, ndipo cisanduke copanga magetsi ndi kubwezera m'batire zimene cinakongola. Anaika mabatire anai a ma volt 6; podzutsa injini ankalumikizika mondondozana kuti apereke ma volt 24, ndipo pambuyo pace ankabwerera pa 6. Anapanganso kacipangizo koletsa batire kudzala mopitirira. Ndipo popeza magetsi analipo tsopano okwanira, anawapatsa nchito yacitatu, ndiyo kuunikira njira. Pakuti kufikira pamenepo nyali za galimoto zinali za parafini kapena za mpweya woyaka, zoyatsa ndi macesi, zimene mphepo inkazizima.

Mu February 1911 anatumiza kwa Leland galimoto ya Cadillac yokhala ndi sitata, ndilo dzina la mota yodzutsa injini. Mabvuto sanathere pomwepo. Kettering alikuyesa galimoto pamseu, inaterereka nituruka m'njira, ndipo iye anathyoka mwendo. Ali cigonere, moto unabuka m'nyumba yosungiramo galimoto ku Detroit, nuononga galimoto ija ya sitata. Ena a ku Cadillac anali okayika kale, ndipo nchito yonse ikadafera pomwepo. Kettering sanamvere dotolo wace. Anadzuka mwendo uli comangidwa, nakwera sitima kunka ku Detroit, nakonza sitatayo kufikira inagwiranso nchito. Leland anaitanitsa masitata 12,000, ndipo magalimoto a Cadillac a caka ca 1912 anaturuka ndi sitata, moto wa batire ndi nyali zamagetsi, zonse pamodzi. Cifukwa ca zimenezi kampaniyo inalandira ku England cikho ca ulemu cochedwa Dewar Trophy, kaciwiri. Kalata ya boma yotsimikiza kuti nzeruyo ndi ya Kettering inaturuka mu August 1915.

Makampani ena anatsata msanga. Mmisiri wina, Vincent Bendix, anaonjezapo kagudumu ka mano kolowa kokha m'gudumu lalikuru la injini ndi kuturuka kokha injini ikadzuka. Ngakhale Henry Ford, amene sanakonde kusintha kanthu pa galimoto yace yochipa ya Model T, anayamba kuikamo sitata mu 1919. Tsopano akazi, okalamba ndi anthu ocepa mphamvu anakhoza kuyendetsa galimoto popanda kudikira mwamuna wamphamvu. Panacitikanso cinthu codabwitsa. Zaka zimenezo kunali magalimoto ena oyendera mabatire okha, opanda petulo, ndipo anthu ambiri ankawakonda cifukwa analibe handulo. Sitata itafika, ubwino umenewo unawathera, ndipo pokhala kuti sankapita kutali, anazimirira m'miseu. Motero mota yaing'ono yamagetsi inathandiza kugwetsa galimoto yamagetsi, imene yadzabweranso patapita zaka pafupifupi 100.

Kettering analemera, koma sanaleke kubvala zobvala za nchito ndi kudetsa manja ace. Anchito ace ankamucha Boss Ket. Pokhala mwana wa kumunda anadziwa mdima wa m'midzi yakutali, ndipo mu 1916 anaturutsa Delco-Light, kainjini kakang'ono kodzaza mabatire ndi kuunikira nyumba ya mlimi. Delco inagulidwa nilowa m'kampani yaikuru ya General Motors, ndipo kuyambira 1920 kufikira 1947 Kettering anali mkuru wa nyumba yace yofufuzira nzeru zatsopano. M'zaka zimenezo anathandiza kupeza utoto wouma msanga, pakuti kale kupaka galimoto imodzi kunkatenga masabata. Anakonzanso injini za dizilo zopepuka, zimene zinayamba kukoka sitima zapamtunda mu 1934, ndi kulanda malo a sitima za malasha. Sizonse zinamyendera bwino ai. Injini yace yoziziritsidwa ndi mphepo m'malo mwa madzi inaikidwa m'magalimoto a Chevrolet mu 1923, nitentha, ndipo kampani inaitanitsa magalimotowo kuti abwezedwe. Ici cinamuwawa mtima kotero kuti anafuna kusiya nchito.

Koma pali nkhani yina yolemera koposa imeneyi, ndipo mbiri ya munthuyu siikhala yoona ikaisiya.

Amisiri atayamba kupanga injini zopanikiza mpweya kolimba kuti zikhale ndi mphamvu, munkamveka phokoso m'kati monga munthu alikugogoda ndi nyundo, makamaka pokwera citunda. Kugogodako kunkadya mphamvu ndi kuononga mapisitoni. Ogulitsa magneto ananeneza moto wa batire wa Kettering kuti ndiwo ucititsa. Kettering anakhulupirira kuti colakwa ciri m'petulo, ndipo mu 1916 anapatsa mnyamata wina wophunzira, Thomas Midgley, nchito yofufuza. Anapeza kuti Kettering ananena zoona: petulo wina sayaka mwadongosolo, koma aphulika. Anayesa kuthiramo mankhwala a mitundu mitundu zaka zisanu, ndipo mu December 1921 anapeza kuti madontho ocepa a mankhwala opangidwa ndi mtobvu aletsa kugogoda konse. Petulo wotere anayamba kugulitsidwa ku Dayton mu February 1923. Anamucha Ethyl, dzina losachula mtobvu konse.

Mtobvu ndi citsulo cofewa colemera, ndipo ukalowa m'thupi la munthu ndi ciphe. Ici sicinali cinsinsi. Anthu anacidziwa kuyambira kale lomwe, ndi Kettering yemwe anacidziwa. Midgley mwini anadwala nao mu 1923, nakapumula nthawi yaitali. Mu October 1924, pa fakitale yopanga mankhwalawo ku Bayway m'cigawo ca New Jersey, anchito asanu anapenga misala namwalira, ndi ena ambiri anagonekedwa m'cipatala. Boma linaitanitsa msonkhano mu 1925. Madotolo ena, monga Alice Hamilton wa ku Harvard, anacenjeza kuti mtobvu woturuka ndi utsi wa magalimoto udzamwazika m'miseu yonse, ndi kulowa m'anthu pang'ono pang'ono. Kettering, amene anali mkuru woyamba wa kampani yogulitsa Ethyl, anaimira kumbuyo malonda ace, ndipo mu 1926 petuloyo analoledwanso. Komatu iye ndi Midgley anadziwa njira yina: mowa woyengeka bwino, wa mtundu wa kacasu, ukasanganizidwa ndi petulo uletsanso kugogoda. Koma mowawo ufunika wambiri, ndipo munthu ali yense akhoza kuupanga. Pamene mankhwala a mtobvu anali a kampani yao yokha, ndi phindu lace lomwe. Munthu amene anapenya bwino cimene akatswiri onse sanacione pa mota yaing'ono, pano sanafune kupenya cimene madotolo anamlozera ndi cala.

Pa ukalamba wace anapereka cuma cambiri ku nchito za kuciza. Mu 1945 iye ndi Alfred Sloan, mkuru wa General Motors, anakhazika ku New York nyumba yofufuza nthenda ya khansa, yochedwa Sloan-Kettering Institute. Ndipo caka cotsatira mkazi wace Olive anamwalira ndi nthenda yomweyo. Anali ndi mwana mmodzi, Eugene, amene anakhala mmisiri wa injini za dizilo. Kettering anamwalira pa 25 November 1958, ali ndi zaka 82, atalandira makalata a boma 186 otsimikiza nzeru zace. Mzinda wa pafupi ndi Dayton kumene ankakhala uchedwa Kettering kufikira lero, ndipo khola lija la Deeds lisungidwa kuti alendo azilipenya.

Mtobvu unakhalitsa kuposa iye. Atamwalira, anthu ofufuza, monga Clair Patterson, anayesa nthaka, madzi a m'nyanja ndi cipale ca kumalekezero a dziko, napeza mtobvu wa utsi wa magalimoto ponse ponse. Madotolo anaonetsa kuti uononga makamaka ubongo wa ana ang'ono, nucepetsa nzeru zao zophunzirira, ungakhale wocepa kwambiri. America inaletsa petulo wa mtobvu pa magalimoto mu 1996. Maiko a Africa a kumwera kwa cipululu ca Sahara analeka pofika 2006. Ndipo dziko lotsiriza, la Algeria, linaleka mu 2021. Njira ya mowa ija, imene Kettering anaisiya, ndiyo inayamba ku Malawi mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kuyenga mowa wotere kucokera ku zotsalira za nzimbe, kuti usanganizidwe ndi petulo.

Tizitsulo tiwiri togundana ta Kettering tinagwira nchito m'magalimoto zaka zoposa 60, kufikira m'zaka za m'ma 1970, pamene zipangizo zatsopano zosagundana zinayamba kulowa m'malo mwace. Koilo ndi pulagi zikalipo. Sitata nayo ikalipo m'galimoto ya petulo ndi ya dizilo, yasiyana tsopano ndi copangira magetsi, koma nzeru yace ndi yomwe ija ya m'sitolo. Ndico cifukwa cace woyendetsa wodziwa nchito sakakamiza kiyi nthawi yaitali injini ikakana kudzuka. Aleka, nadikira pang'ono kuti mota izizire, nayesanso. Mukadzakwera galimoto, cherani khutu pamene atembenuza kiyi. Kulira koyamba kuja, kofulumira ndi kokhadzula, si injini ai, koma sitata. Ndipo injini ikangoyankha, iyo ikhala cete ulendo wonse.